Maluwa a Crescencio

Eulalia anatuluka kukataya madzi otsukira mbale, mwana ali kumbuyo, n'kupeza maluwa achikasu atayalidwa mumsewu. Linali Tsiku la Akufa. Mzimu suona bwino, umangolondola fungo la maluwawo mpaka pamene athera. Koma njira iyi inadutsa pakhomo pake osakhota, n'kukalowa m'nyumba yophunzirira nkhonya ya don Fidencio.

Bambo ake a Eulalia, Crescencio Barragán, anamwalira m'Malichi. Aka kanali koyamba kuti abwere kudzadya ndi amoyo.

Anatula ndowa n'kutsata maluwawo. M'katimo anali atamanga guwa pakati pa zingwe za bwalo lomenyera nkhonya. Pamwamba panali chithunzi cha Crescencio ali mnyamata, atanyamula lamba wa ukatswiri, mano onse ali m'kamwa. Pansi pake nyama yootcha, tsabola, ndi botolo la mowa wa tekila. Don Fidencio, amene anaphunzitsa Crescencio nkhonya, ankasimbira alendo mmene Chencho, monga ankamutchulira, anagwera kawiri ku Los Angeles n'kudzuka, diso litatsekeka, kukamaliza mnzakeyo. Ataona Eulalia anatambasula manja. Anati katswiri ndi wa dera lonse, ndipo kwawo kwenikweni ndi kuno.

"Nyamayo atafuna ndi mano ati, don Fidencio?"

Anyamata ena anaseka, poyesa nthabwala.

Eulalia sanaseke. Iye ndi amene anasiya sukulu mutu wa bambo ake utayamba kusokonekera. Ndiye ankawamwetsa atole ndi supuni, phala likutsikira m'chibwano, iwo akumuitana dzina la malemu mayi ake. Belu la otola zinyalala likalira mumsewu, Crescencio ankadzuka zibakera zili m'mwamba, poyesa ndi belu la nkhonya, n'kuthamangira konkuno wopanda nsapato. Ndipo chitseko ichi ankachipeza chotseka. Don Fidencio ankati mkuluyo akuopseza makolo obweretsa ana.

Zonsezi anazinena pamaso pa alendo, osakweza mawu, akugwedeza mwana kuti asalire.

Don Fidencio anamukokera pambali. "Mwanawe, usatichititse manyazi. Anthu abwera kudzakumbukira katswiri, osati wodwala."

"Koma amene akubwera lero ndi wodwalayo. Katswiri wanu munamumaliza kalekale. Uyu sadziwa njira, amangopita kumene mwamulozera, ngati mmene ankachitira mukamutuma kuti adzuke."

Anabwerera kwawo n'kutenga tsache. Anayambira pakhomo pa don Fidencio penipeni, kusesa maluwa mobwerera m'mbuyo, fumbi ndi zotsalira za ndudu zomwe. Amuna anaima m'mbali manja ali m'matumba. Wina anati mwana wa Chencho ali ndi dzanja la bambo ake, koma palibe anamuyandikira. Atafika pakhomo pake anakhotetsa njirayo ndi phazi, kuilowetsa mpaka kukhitchini.

Guwa lake linali tebulo lodyera. Anaikapo kandulo, kapu ya atole wofunda, supuni yaing'ono ija, ndi chithunzi cha chaka chatha: nkhalamba yamphuno yophwanyika, thaulo lili pakhosi, ikuyang'ana penapake pambali pa wojambula. Anapima phalalo padzanja kuti lisawatenthe.

Kumtunda kwa msewu belu la zinyalala linayamba kulira. Eulalia anasiya supuni, n'kukaima pakhomo, mkono utapingasa chitseko.

"Khalani pansi, ababa," anatero. "Si lanu limenelo."