Apongozi a Nason Lungu

Nason Lungu sankasuta fodya, koma bokosi la machesi silinkachoka m'dzanja lake. Akakumana ndi nkhope yachilendo pamsewu wa ku Bundabunda, ankaligwedeza pafupi ndi khutu la munthuyo n'kufunsa kuti, "Nichani ichi?" Woyankha kuti machesi ankadutsa. Woyankha kuti fosiko, monga amanenera a kutsidya kwa Apwitikizi, ankagona m'manja mwa akapaso, apolisi a mfumu, m'mawa mwake n'kukwezedwa lole ya ku Feira, kumalire.

Iye mwini anachokera ku Petauke, koma chitupa anali nacho, ndipo ankachionetsa ngakhale kwa osafunsa. Pamisonkhano ankakalipa kuti olowa mozemba akutha minda ndi kulanda ntchito m'mafamu a Azungu. Eni nthaka anamukonda poti ankanena mokweza zimene iwo ankangong'ung'udza. Mu 1956 anamupatsa mpando m'khonsolo ya mfumu.

Mkazi wake Selestina ankamva zonsezi. M'kanyumba ka kuseri munkakhala amayi ake, a Rosaria, amene kalekale anaoloka Luangwa kuchokera kwa Apwitikizi pothawa chibalo, Selestina ali kumsana. Nason ankadziwa. Koma mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, ndiye mwambowo unamuthandiza kusaona.

Amene anaona ndi Peterson, yemwe ankaufuna mpandowo. Pamaliro ena, anthu atadzaza, anagwada mwaulemu patsogolo pa mayi wokalambayo n'kutulutsa bokosi lake la machesi.

"Amama, maso yanga yavuta. Nichani ichi?"

A Rosaria anamuseka. "Mwamuna mkulu ndevu pepeya, sudziwa fosiko?"

Amayi oimba anasiyira nyimbo pakati.

Tsiku lomwelo Nason anamupeza Selestina akusenda chimanga pakhonde. Sanakhale pansi.

"Amake Olipa, khonsolo ikumana pa Chisanu. Peterson akamba ati nisunga munthu wa kutsidya."

"Wanama?"

"Uwauze amai apite ku Feira. Pang'ono chabe, nkhani ikazizira..."

"Kuli ndani ku Feira? Abale awo onse ali m'manda. Kawauzeni mweka."

"Udziwa kuti sinikamba nawo. Ni apongozi."

"Kukamba nawo ni mwiko. Kuwapitikitsa si mwiko?"

Nason anayang'ana kumunda. "Nikachoka pampando paja, Peterson azayamba na ise a ku Petauke. Munda uyu uzapita. Olipa azadya chani?"

Mwina ankanena zoona, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri Selestina. Anadikira kuti mwamunayo anene china, ngakhale bodza lomwe. Nason anakwera njinga n'kupita kukaona anzake a m'khonsolo.

A Rosaria anali atamva zonse, poti khoma la dothi silisunga mawu. Anali atakhala pamphasa, manja ali pamiyendo.

"Usathetse ukwati chifukwa cha mafupa aya, mwanangu. Kamwa langa ndilo lanipereka."

"Ine ninabadwira kuti, amai?"

Selestina anadziyankha yekha.

"Ndiye lole imene izakutengani ni yanganso."

Selestina analowa m'nyumba. Zovala za Nason zimene anachapa m'mawa anazipinda bwinobwino n'kuziika pabedi. Kenako anatenga thumba la ufa lopanda kanthu, n'kuikamo bulangete la amayi ake, zitenje zake ndi timadiresi ta Olipa, chifukwa mwana ndi wa kuchikazi. Anamanga kukamwa kwa thumbalo ndi luzi, n'kuliimika pakhomo penipeni, kuti Nason pobwera asapeze polambalala.