Galu wa M'paki ya Barking

Loweruka lililonse masana Tionenji ankagogoda pachitseko cha a Flywell kuti akawongole miyendo. Adokotala anali atawauza bambowo kuti mtima wawo ukufuna kuyenda, koma akazi awo, mayi Florence, mawondo anali atawakana kale. Tionenji ankakhala nyumba yoyandikana nawo. Ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, ndipo ankawatcha malume ngakhale panalibe chibale.

Tsikulo kunali kumapeto kwa Novembala. Mitengo ya m'mbali mwa msewu inali itayoyola masamba, ndipo masambawo anali atanyowa, akuterera ngati therere. A Flywell ankaponda mosamala ndi ndodo yawo, akusimba za chaka chimene anafika ku London ndi jekete imodzi yokha.

"Kuzizira kwa masiku ano n'kwa ana," anatero. "Ife tinakuona kwenikweni."

"Chaka chatha munanenanso zomwezo, malume, kenako munagona sabata yathunthu ndi chimfine."

Atalowa m'paki anatsata kanjira ka m'mphepete mwa dziwe. Anthu anali ochepa. Patsogolo pawo panali mwamuna wina wamtali, maso ali pafoni, chingwe cha galu chikulendewera m'manja, koma galuyo osaoneka.

Galuyo anatulukira m'zitsamba, wamkulu, wotuwa, wachifuwa chotambalala. Sanauwe n'komwe. Anangothamanga n'kudumphira a Flywell. Bambowo anagwa chagada, mutu n'kumenya pansi. Anatchinga nkhope ndi mkono, galuyo n'kuuluma pamwamba pa jekete. Tionenji anamva fupa likuthyoka.

Anatola ndodo ija n'kumenya galuyo pamsana, kawiri, katatu. Galuyo sanasiye. Ankapukusa mutu uku ndi uku, akuwakhwekhwereza mkuluyo m'masamba onyowa. Magazi anayamba kuchucha kuchokera m'jekete. A Flywell sanalire, ankangobuula.

"Gwirani galu wanu," Tionenji anakuwa m'Chingerezi.

Mwamuna uja anabweradi akuthamanga, koma sanagwire galu. Anagwira Tionenji tsitsi n'kumukokera kumbuyo.

"Ukumenyeranji galu wanga?" anatero, n'kumutibula chibakera pakamwa.

Tionenji anagwada. Analavula magazi pamodzi ndi dzino. M'makutu munkalira, koma ankaonabe nsapato za a Flywell zikupalasa pansi. Anavula sikafu yake, n'kukwawa, n'kuikulunga m'khosi mwa galuyo. Anaimanga mfundo, n'kulowetsamo ndodo, n'kuyamba kupotokola. Mwamunayo anamuponda m'nthiti, iye osasiya. Anapotokolabe mpaka galuyo anayamba kubanika, maso ali psuu, kenako nsagwada zinamasuka.

Mayi wina amene ankathamanga m'pakimo anali ataima chapatali, akuyitana ambulansi. Atamaliza anayamba kujambula ndi foni. Mwamuna uja ataona zimenezo anamasula sikafu ija m'khosi mwa galu wake, n'kumumanga chingwe, n'kumukoka mothawa kulowera kugeti.

Tionenji anamanga mkono wa a Flywell ndi sikafu yomweyo, n'kukanikiza pabala ndi manja onse awiri.

"Musagone, malume. Ndiyang'aneni."

"Ndikukuona, mwanawe," anayankha motsitsa mawu. "Pakamwa pako paipa."

Kuchipatala madokotala anawaika zitsulo mumkono ndi kuwasoka malo asanu. Posakhalitsa mayi Florence anafika. Anangogwira nkhope yotupa ya Tionenji, n'kuiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakakhala pafupi ndi amuna awo.

Apolisi anamupeza mwamuna uja patatha masiku anayi, chifukwa cha kanema wa mayi wothamanga uja. Galuyo anali atalumaponso munthu wina miyezi ingapo m'mbuyomo. Tionenji ndiye anakawauza a Flywell nkhaniyo atatuluka m'chipatala.

"Nanga galuyo?" anafunsa.

"Akuti amubaya jakisoni. Wafa."

A Flywell anayang'ana zala zawo zimene zinkakana kupindika.

"Galu amachita zimene waphunzitsidwa," anatero. "Akanayamba ndi mwini wake."

Mlandu unaikidwa mwezi wa Febuluwale. Tionenji anavomera kukapereka umboni. Nthiti zake ziwiri zinali zothyoka, ndipo kuntchito anamupatsa masabata atatu opuma. Atayambiranso ntchito anasiya kudutsa m'paki. Ankakwera basi yozungulira, n'kumatsika siteji imodzi patsogolo, pamene panali anthu ambiri.