Nsidze za Aphunzitsi

Mphunzitsi uja analibe sukulu, analibe bolodi, analibe ndi belu lomwe. Sukulu yake inali chikwama chakuda ndi nsapato zafulati. M'dziko la eni momwe anakhazikika ndi mwamuna wake ndi mwana wawo wamkazi, iye ankaphunzitsa Chingerezi khomo ndi khomo: m'mawa kwa wogulitsa mankhwala amene ankakonzekera mayeso, masana kwa atsikana a pahotela, madzulo kwa aliyense amene wamva mbiri yake. Ntchito yopanda bwana inkamukomera. Ankadziwa masitepe a nyumba iliyonse, galu wa pageti lililonse, ndiponso makomo amene tiyi wake amabwera ndi kenakake pambali.

Mwa ophunzira onse, wapamtima anali mayi wina wachikulire, mwini kashopu kochapa ndi kusita zovala. Anthu a mumsewumo ankangowatchula kuti a Simbi, chifukwa panalibe amene anawaonapo manja ali lende. A Simbi sankafuna satifiketi. Mwana wawo wamwamuna anapita kutali n'kukakwatira mkazi wodziwa Chingerezi chokha, ndipo pafoni mwanayo ndiye ankamasulira.

"Aphunzitsi, ine ndimayankhula mpaka kukhosi kuuma," anadandaula tsiku loyamba. "Ndifunse za thanzi, ndilangize za banja, ndifotokoze mmene mwamuna wakeyo anandivutitsira ali wakhanda. Iye angotembenuka n'kunena timawu tiwiri. Ndikafunsa, akuti, 'Ndamuuza kuti mukupereka moni.' Nanga mawu anga enawo amapita nawo kuti? Mpongozi wanga akubwera kunja kukayamba kufunda. Ndikufuna adzamve ine, osati wakubayo."

Mphunzitsi anaseka mpaka misozi, ndipo atafika kunyumba anakambira mwamuna wake nkhaniyo. Posakhalitsa amayi a mphunzitsiyo anaimba foni kuchokera kumudzi. Monga mwa masiku onse, iye anakhala pakati pa agogo ndi mdzukulu, poti mwanayo anabadwira kunja ndipo chinenero cha makolo ake ankangochitola apa ndi apo. Agogo anakamba za mvula, za bondo lawo, za mbuzi imene inaswa ana awiri. Mphunzitsi anati, "Agogo akuti uzilimbikira sukulu." Mwamuna wake anangokhosomola n'kupitiriza kupukuta mbale.

Maphunziro a a Simbi ankachitikira patebulo lositirapo, makina atazimitsidwa. Mphunzitsi ankakhala moyang'anizana nawo, n'kumatulutsa mawu amodziamodzi ngati akumwetsa khanda phala. Akatchula kudya, dzanja linkapita kukamwa. Akatchula dzulo, chala chinkaloza kumbuyo. A Simbi akayankha bwino, nsidze za mphunzitsi zinkakwera. Akayamba kusochera, zinkakumana pakati, iwo n'kubwerera msanga. Anali ndi mutu mayiwo. Patangopita miyezi ingapo ankacheza momasuka, n'kumauza aliyense wobwera kudzatenga malaya kuti mphunzitsi ngati ameneyu kulibe. Ophunzira atsopano anayamba kubwera okha.

Ndiye Lamlungu lina a Simbi anadzikhulupirira. Anauza mwana wawo pafoni kuti apatse mkazi wake foniyo, iye atuluke.

M'mawa mwake mphunzitsi anawapeza akusita thalauza imene inali yositasita kale. Tiyi panalibe.

"Aphunzitsi, kodi Chingerezi chilipo chingati?"

"Bwanji, amayi?"

"Chanuchi ndimachimva chonse. Cha mpongozi wanga chikungothamanga ngati madzi a pampopi. Ndangoti eya, eya, mpaka mwana wa eni wakhala chete. Mwina amandiuza kuti akudwala, ine n'kumati eya." Anaika simbi pansi. "Chingerezi chake chilibe nkhope."

Mphunzitsi anatembenukira kukhoma, n'kufunsa m'Chingerezi kafunso kamene a Simbi ankakayankha ngakhale ali m'tulo. Kunali zii. Anatembenuka n'kubwereza funso lomwelo akuwayang'ana, yankho linatuluka nthawi yomweyo. Manyazi anamugwira kwambiri. Miyezi yonseyi mayiwa ankawerenga manja ake ndi nsidze zake, ndipo mpongozi uja sadzabwera ndi nsidzezo.

"Amayi, yatsani makina onse," anatero.

Kumbuyo kwa shopuyo kunali zingwe zoyanikapo nsalu zoyala pabedi za kuhotela. Mphunzitsi ananyamula mpando wake n'kukakhala kuseri kwa nsaluzo. Kuyambira tsikulo ankaphunzitsira kumeneko, makina akulindima, iye akuyankhula mothamanga, nthawi zina akutafuna mtedza dala.

"Kodi ine ndinalemba munthu kapena nsalu?" a Simbi ankakalipa.

"Nsalu, amayi. Simunamve? Iuzeni nsaluyo ibwereze."

Chovuta chinali chimenecho. A Simbi ankaona kuti kuimitsa munthu ali mkati moyankhula n'kupanda ulemu, choncho ankangovomera. Mphunzitsi anawachiritsa matendawo tsiku limene anafunsa kuseri kwa nsalu ngati angatenge makina aakulu aja kupita nawo kwawo, a Simbi n'kuyankha kuti eya, zikomo. Atawamasulira, mayiwo anaseka mpaka kukhala pamtolo wa zovala.

Kenako mphunzitsi anabweretsa mwamuna wake. Bamboyu ankayendetsa galimoto yoperekera buledi m'mashopu, ndipo Chingerezi chake mkazi wake anakhala akuchinyoza chikwatiranireni, chifukwa ankameza theka la mawu alionse. Tsopano akamaliza zoperekera ankadutsira pashopupo, n'kukhala kuseri kwa nsalu chifuwa chili patsogolo.

"Lero buku ndine," ankatero. "Paja ukaipa dziwa nyimbo."

A Simbi sanamuchitire manyazi ameneyo. Ankamubwerezetsa kawiri, katatu, mpaka bambo wamkulu anayamba kutsegula pakamwa poyankhula, chinthu chimene mkazi wake anachilephera.

Kunja kutayamba kufunda, alendo anafika. A Simbi anapempha mphunzitsi kuti abwere angokhala pakona, ngati munthu wodikira zovala zake. Anatuma mwana wawo kumsika ndi zogula zambirimbiri kuti achedwe. Mpongoziyo anali wamtali, wamanyazi, atagwira kachikwama ndi manja onse awiri. Chifukwa cha mantha anayankhula mothamanga kuposa pafoni.

Maso a a Simbi anathawira pakona. Mphunzitsi anamva nsidze zake zikufuna kukwera zokha, ndipo mawu onse anali kale pa lilime lake. Anatola thaulo, n'kutembenukira kukhoma, n'kuyamba kulipinda.

Kenako anamva mawu a a Simbi, m'Chingerezi chotsimphina koma cholimba mtima: "Mwana wanga, pang'onopang'ono. Ine wakalamba. Makutu akalamba. Nthawi ilipo."

Mpongoziyo anaseka, mapewa n'kutsika. Anabwereza modekha kuti mwamuna wake amadandaula tsiku lililonse kuti palibe amene amasita kolala ngati amayi ake. A Simbi anamva. Anamukokera patebulo, n'kumupatsa simbi. Nkhani ya khanda lovuta lija inatuluka yonse, zolakwa zili mbwee, koma palibe liwu limene linabedwa panjira. Mwana wawo atabwera ndi majumbo n'kufuna kumasulira, akazi awiriwo anamulozera khomo nthawi imodzi.

Mphunzitsi anatenga chikwama chake n'kutuluka, ndipo palibe amene anamuona. Anadziwa kuti patebulo lija sadzafunikanso kwenikweni. Zinamukhudza pang'ono, koma chimwemwe chinali chachikulu, moti anayenda wapansi osakwera basi.

Atafika kunyumba dzuwa likadalipo, anaimbira amayi ake kumudzi, n'kupatsa mwana wake foni. Mawu a agogo anayamba kutuluka. Mwanayo anadzutsa maso.

"Amayi, akuti chiyani?"

"Afunse wekha. Ukapanda kumva, uwauze abwereze."

Analowa kukhitchini n'kutseka chitseko. Mwamuna wake anali momwemo akusenda anyezi.

"Paja amati anyani amasekana chiyani?" anafunsa bamboyo osamuyang'ana.

"Sendani anyeziyo, bambo a mwana."

Kuseri kwa chitseko kunkamveka kamawu kokayikakayika: "Bwerezani, agogo." Patapita kanthawi, "Bwerezaninso." Mphunzitsi anagwira chitseko n'kuchisiya, n'kuchigwiranso. Kenako kunamveka phwete, ndipo chitseko chinatseguka chokha. Mwanayo anaima pakhomo foni ili pachifuwa.

"Amayi, bwanji simunandiuze kuti kwathu kuli kambuzi kotchedwa dzina langa? Agogo akuti anakuuzani kalekale."

Chibadwireni, mwanayo anali asananenepo kuti kwathu. Mphunzitsi anapukuta maso n'kunamizira anyezi, ndipo mwana anabwerera kukafunsa agogo ake kuti kambuziko n'kamtundu wanji.