Makina a Pakona

Ndinayamba ntchito pa fakitale yosoka mayunifolomu Lolemba lina, pa miyezi itatu yoyesedwa. Akapitawo anandiuza mosapsatira kuti adzandilemba ntchito yokhazikika pokhapokha anzanga akadzanena kuti ndine munthu woti n'kukhala naye. Ndinaseka chamumtima. Kusoka ndimakudziwa, kolala ndimamaliza ena asanalowetse ulusi pasingano.

M'chipinda chosokeramo munali makina khumi ndi awiri, koma osoka tinalipo khumi ndi mmodzi. Pa makina a pakona, pafupi ndi zenera, sipankakhala munthu. Komabe m'mawa uliwonse aliyense akalowa, asanavule n'komwe juzi, ankapita pamenepo n'kuwerama pang'ono.

"Mwadzuka bwanji?"

Sankadikira yankho. Nthawi ya tiyi ankathira kapu imodzi n'kuiika pambali pa makinawo.

Ine zimenezo ayi. Ndine wouma mutu chibadwire, mayi anga anatopa nane kalekale. Tsiku lachitatu ndinafunsa amayi odula nsalu, omwe anali akale kuposa tonse.

"Kodi amayi, amene mumawapatsa moniwo ndani? Anamwalira?"

"Kaya."

"Nanga mumaperekeranji moni kwa chitsulo?"

"Ndinapeza akupereka, mwanangu. Amene anandiphunzitsa ntchito nawonso anapeza akupereka. Pano timatero."

"Ndiye mukanapeza anthu akudya sopo, inunso bwenzi mukudya?"

Palibe anaseka. Amayiwo anangopitiriza kudula nsalu yawo.

Loweruka ndinafotokozera achimwene anga, amene anaphunzira za chikhalidwe cha anthu ku koleji.

"Chemwali, mukufunafuna chifukwa, koma chifukwacho chilibe ntchito," anatero. "Moniwo sapereka kwa makina. Amaperekera kuti adziwane kuti uyu ndi mnzathu. Kaperekeni, simuthothoka dzino."

Ndinawauza kuti sukulu inawawononga.

Kuntchito palibe anandidzudzula, ndipo bola akanandikalipira. Sabata yachiwiri ndikapempha sizasi, aliyense ankangoyang'ana nsalu yake. Kenako mulu wa malaya oti ndisoke unasiya kufika patebulo panga. Ndinkakhala tsiku lonse manja ali pamiyendo. Tsiku lina magetsi atathima, m'chipinda muli zii, ndinalankhula mokweza, koma palibe anacheuka. Ndinakaima dala pakhomo, ndipo mtsikana wosoka mabatani anandilambalala osandiyang'ana, ngati mmene munthu amalambalalira chithaphwi. Apa ndiye ndinachita mantha, ndisaname.

Ntchitoyo ndinkaifuna. Ndinali nditakhala pakhomo zaka ziwiri, ndipo sindinkafuna kubwererako. Lachisanu ndinaganiza zogonja. Ndinalawirira kuti manyazi achepe, ndinapita pakona paja, ndinawerama.

"Mwadzuka bwanji?"

Ndinathamangira pampando wanga, osadziwa kuti moni woperekedwa popanda wouona sawerengedwa.

Anzanga anayamba kulowa. Oyamba anali amayi odula nsalu. Anapita pakona, anapereka moni wawo, kenako anatembenuka n'kulunjika kwa ine. Anawerama pang'ono.

"Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino amayi, kaya inu?" ndinayankha, mtima uli mbee.

Koma anali atachoka kale. Maso awo sanali pa ine, anali pa singano ya makina anga. Wachiwiri anachita chimodzimodzi, wachitatunso, mpaka onse anatha. Nthawi ya tiyi wosoka mabatani uja anathira makapu awiri, imodzi n'kuiika pambali pa chigongono changa.

Tiyi asanazizire, akapitawo analowa ndi mayi wina wachilendo atanyamula kachikwama.

"Mwafika nthawi yabwino," anamuuza. "Osoka atsala khumi okha."

"Ndilipo!" ndinakuwa. "Bwana, ine ndilipo!"

Mayi wachilendoyo anayang'anayang'ana m'chipindamo, n'kuloza mpando umene ndinakhalapo.

"Ndingakhale apa?"

"Ayi mayi," anatero akapitawo motsitsa mawu. "Pamenepo sitikhalapo."