Dzina Lakumapeto kwa Pepala

Kunja kwa labotale, woyamba ndiye wopambana. Mkati mwake zinthu zimayenda chagada. Pa pepala la kafukufuku, dzina loyamba ndi la munthu amene anapindika msana pa benchi, koma lomaliza ndi la mwini ntchito, amene anaiganiza, kuitsogolera, ndipo ikavuta ndiye amaiyankhira. Dokotala wathuyu, katswiri wa mavairasi pa chipatala chachikulu chophunzitsira, anali atakhala woyamba mpaka kutopa nazo.

Amayi ake sankazimvetsa zimenezi, ndipo sankafunanso kuzimvetsa.

"Ndiye ukulirira kukhala wotsiriza?" anafunsa m'mawa umenewo, akumanga zingwe za nsapato za mmodzi mwa mapasa a Dokotala. "Ine ndinakulera kuti uzikhala nambala wani. Anzanga onse ndinawauza kale."

"Amayi, si mpikisano wothamanga."

"Nanga ukupumiranji ngati wathamanga?"

Mwamuna wa Dokotala anafuna kuseka, koma ataona kuti tiyi wa mkazi wake wazizira osakhudzidwa, anameza chiseko.

"Ukawauze a Pulofesa basi, mayi a mapasa," anatero. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Kunena n'kosavuta. A Pulofesa, mkulu wa labotale, ankapuma pa ntchito kumapeto kwa mwezi, ndipo komiti inkafuna wolowa m'malo. Mapepala a Dokotala anali ambiri. Njira yake yoyezera mamina a makanda inkagwiritsidwa ntchito m'zipatala zimene iye sanaziponde n'komwe, ndipo anthu osawadziwa ankatchula ntchito yake m'mapepala awo pafupifupi sabata iliyonse. Koma mkulu wa komiti anamuuza maso ndi maso, mwaulemu wopweteka uja wa anthu ophunzira.

"Mapepala anu ndi abwino, Dokotala. Kungoti onse akutsekedwa ndi dzina limodzi. Tidziwa bwanji kuti mungayende popanda wokugwirani dzanja? Tibweretsereni limodzi lokha lokhala ndi inu kumapeto."

Wopikisana naye anali wochokera kwina, wa mapepala ochepa, koma dzina lake lili kumapeto kwa onse. Akabwera ameneyo adzabwera ndi anthu ake, ndipo machubu onse amene Dokotala anatolera m'wodi ya ana, ogona mufiriji yozizira kwambiri ya mulabotale, adzakhala a mlendo.

Pepala loti limupulumutse linalipo. Linkaonetsa kuti kachirombo koyambitsa chibayo mwa makanda kamakhalitsa m'thupi kuposa mmene anthu ankaganizira, moti ana ena ankatuluka m'chipatala akuoneka ochira koma akupatsirabe anzawo. Funsolo linabadwa m'mutu mwake, ataona mayi wina akubwerera ndi mwana wachiwiri wodwala chibayo chomwecho, yemwe sanagonepo m'wodi. Magazini yaikulu inali italandira pepalalo, ndipo mkonzi ankafuna lomaliza tsiku lomwelo. Kumapeto kwake, monga mwa nthawi zonse, kunali a Pulofesa. Kuti dzina lisunthe pankafunika mawu a mwini dzinalo.

Achinyamata a mulabotale ankawatchula kumbali kuti a Chotsekera, poti panalibe pepala lotuluka m'chipindamo iwo osalitseka. Dokotala sankaseka nawo. Bamboyu ndiye anamutenga ali dokotala wamng'ono wosadziwa kugwira chubu, analankhula pa ukwati wake, ndipo mapasa atabadwa anabwera kudzawanyamula onse awiri nthawi imodzi. Munthu wotereyu umamuuza bwanji kuti sunthani?

Atafika ku ntchito, Dokotala anadutsa pakati pa mabenchi atavala kale jasi loyera. Firiji inkang'ung'udza pakona. Anzake anaweramira ntchito mwakhama lokayikitsa, chifukwa nkhani m'labotale imafala msanga kuposa chimfine. Anapereka moni kwa mlembi wa a Pulofesa, n'kugogoda.

"Lowa, mwana wanga. Khala pansi. Pepala lapita?"

"Silinapite, a Pulofesa. Ndabwera kudzapempha kuti dzina lanu lisunthe."

A Pulofesa anavula magalasi, n'kuwaika pa tebulo mosamala.

"Lisunthire kuti?"

"Likhale lachiwiri kuchokera kumapeto. Langa litseke."

"Labotale ino ndinaiyamba ili chipinda chosungiramo matsache."

"Ndikudziwa."

"Firiji imene ukusungamo machubu akoyo ndinakaigwadira ndine."

"Ndikudziwanso. Koma funso la pepalali ndi langa, ndipo ndaliyendetsa ndekha kuyambira m'wodi mpaka kwa mkonzi."

"Mwambowu sindinauyambe ine. Amene anandiphunzitsa anakhala kumapeto kwanga mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Ndinadikira. Sindinafe nako kudikirako."

"Komiti sidikira, a Pulofesa."

"Ndikawauza ndi pakamwa panga kuti ntchito ndi yako."

"Munawauza kale. Anati iwo amawerenga mayina."

A Pulofesa anatsamira mpando. Mawu awo anatsika, ndipo aliyense amene anagwirapo nawo ntchito ankadziwa kuti akatsitsa mawu ndiye zavuta.

"Wakula, eti? Ndikufunse. Anthu akutchula mapepala akowo, ukuganiza kuti anayamba kuwatsegula chifukwa cha dzina liti? Mkonzi ameneyu akanayang'ana n'komwe, dzina langa likanapanda kukhalapo?"

Mawuwa anamubaya, makamaka chifukwa munali kachoonadi. Ndipo munthu akabayidwa ndi choonadi sabweza ndi nzeru ayi, amabweza ndi chilichonse chakuthwa chimene chili pafupi.

"Chabwino," anatero Dokotala. "Popeza pepalali ndi lanu, tandiuzani. Tinapeza chiyani?"

"Ndi la chibayo cha makanda."

"Umenewo ndi mutu. Tinapeza chiyani?"

A Pulofesa anatsegula pakamwa. Dzanja lawo linapita pa mulu wa mapepala, linasisita lapamwamba, n'kubwerera lopanda kanthu. Kuseri kwa chitseko, mlembi anali atasiya kutayipa.

Dokotala anadziwa pomwepo kuti wapambana, ndipo anachita manyazi. Ankakayikira kwa miyezi kuti bamboyu sakuwerenganso zimene amasainira, koma sanakonze zowavula chonchi. Madzi akatayika saoleka.

"Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere," anatero a Pulofesa pamapeto pake. "Chotsa dzina langa."

"Sindinati lichoke. Ndati lisunthe."

"Pakati pamakhala anthu amene anagwira machubu. Ine sindinagwire. Chotsa lonse."

"A Pulofesa…"

Anali ataitana kale mlembi. Mayiyo analowa osayang'ana aliyense, ndipo a Pulofesa anamuuza zolembera mkonzi, mawu ochepa ouma: sanatengepo mbali yokwanira, akupempha kuti dzina lawo lichotsedwe, wotsogolera ntchitoyi ndi Dokotala.

Dokotala anabwerera pa desiki yake. Anatsegula pepala pa kompyuta, napita kumapeto kwa mzere wa mayina. Kufufuta kunali kosavuta mochititsa mantha. Anasunthira dzina lake kumapeto, naika kutsogolo la mnzake amene anayeza machubu ambiri, natumiza. Kenako anatumizanso kwa mkulu wa komiti, amene anayankha msanga ngati ankangodikira: izi ndi zimene timafuna, Dokotala, musadandaulenso.

Anakhala akuyang'ana yankholo. Ankaganiza kuti chisangalalo chidzabwera, koma chimene chinabwera ndi mlembi, ataima pambali pake.

"Akukuitanani. Akuti mupite ndi pepala losindikiza."

Anapita nalo likadali lofunda. Ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo mumtima ankakufuna kukalipiridwako, kuti mwina angapepukidwe. A Pulofesa analandira pepalalo, analiyandikiza kumaso mpaka kukhudza mphuno, analitalikitsa, analipendeketsa chakuwindo. Kenako analiika pansi.

"Tseka chitseko."

Anatseka.

"Maso angawa anayamba kutha chaka chathachi. Pakati pa tsamba pamakhala banga lakuda, ndimangoona m'mbali. Nkhope yakoyi ndikuiona makutu okha. Akudziwa ndi mkazi wanga kunyumba ndi mlembiyu basi."

Dokotala anagwira nsonga ya tebulo.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ukanandimvera chisoni n'kundisiya kumapeto mpaka kalekale. Ndipo ine ndikanavomera, usaganize kuti ndine woyera mtima. Dzinalo ndi lokhalo limene linatsala likugwirabe ntchito." Anakankhira pepalalo kwa iye. "Wandifunsa funso ndalephera. Sindikufuna kutuluka m'chipinda chino ndisakudziwa zimene labotale yanga yapeza. Ndiwerengere."

Dokotala anakhala pansi. Zilembo zinkasambira m'maso mwake, koma anawerenga mutu, n'kulumphira pa ndime yoyamba.

"Ayi," anatero a Pulofesa. "Ndinakuphunzitsa choncho ine? Pepala limayambira pa mayina."

Anabwerera pamwamba. Anawerenga dzina la mnzake wa machubu, la namwino wamkulu wa m'wodi ya ana, la wowerengera ziwerengero, limodzilimodzi, a Pulofesa akugwedeza mutu pa lililonse. Anafika pa lake, nalitchula, n'kulekeza pomwepo.

A Pulofesa anakhalabe atapendeketsa mutu, khutu lili kwa iye, akudikira dzina lina. Anadikira ndithu. Kenako anakumbukira, nawongola khosi, n'kupinda manja pa tebulo.

"Pitiriza, Dokotala," anatero. "Tinapeza... munapeza chiyani?"