Dzina la Nyokabi Lafupika

Agogo Nyokabi sankadziwa kuwerenga, koma maso anali nawo. Dzina lawo ankalidziwa kutalika kwake pa chitupa cha boma, lalitali ngati bongololo. Ndiye tsiku limene mwana wawo wamkazi, Waithira, anawaonetsa chithunzi cha khanda pa foni, iwo anayang'anitsitsa timizere ta pansi pake, n'kuona kuti dzina lafupika.

Khandalo linali la Gitahi, mwana wawo wamwamuna wokhala ku Nairobi. Pa mwambo wa kwawo, mwana wamkazi woyamba amatenga dzina la mayi a bambo ake. Umu ndi momwe munthu amabadwiranso asanafe. Agogo anali atadikira zaka zisanu ndi zinayi.

"Werenganso," anatero.

"Akuti Nyokabi wamng'ono akuyamwa bwino."

"Nanga lafupika bwanji? Langa limafika apa." Anayeza ndi chikhadabo.

Waithira anaseka. "Amayi inu, uphunzitsi mwayamba liti? Pa foni anthu amadula mawu. Nairobi ndi Nai, Nakuru ndi Naks. Inunso adzukulu pofuna kunena kuti agogo salemba kuti shosho, amangoti shosh. Zala zimatopa."

"Chala chotopa ndi dzina la mayi ake, samalani nacho. Mawa chidzatopa ndi maliro ake."

Komabe anakhulupirira. Akanatani? Munthu wosawerenga amabwereka maso, ndipo maso obwereka amaona zimene mwini wake wafuna. Miyezi iwiri Waithira ankawawerengera madzulo aliwonse: Nyokabi waseka, Nyokabi wabayidwa katemera. Agogo ankauza aliyense pa msika wa Karatina kuti abadwanso.

Tsiku lokaona mwana linafika. Amayi a kutchalitchi anadzaza matatu, minibasi ya kumeneko, ndi nthochi, nkhuku ndi zipanda za phala lowawasa. Agogo anachenjeza woyendetsa pa phiri lililonse, chikwama atachipana m'khwapa, poti ku Nairobi ngakhale wokupatsa moni amawerenga matumba ako.

Kunyumba kwa Gitahi anaimba, anavina, anamwa tiyi. Panatsala nthungululu zinayi za mwambo wolandirira mwana wamkazi, ndipo woyambitsa ndi mwini dzina. Anawapatsa khandalo. Pamenepo maso awo anagwera pa pepala la boma, la chidindo, lopachikidwa m'galasi pakhoma. Timizere tija tinali pomwepo, tinayi tokha.

"Mai Gakenia," anaitana mnzawo amene amawerenga Baibulo kutchalitchi, "tandiwerengereni icho."

Waithira anadzuka msanga. "Amayi, tiyi akuzizira."

"Khala pansi iwe. Werengani."

Mai Gakenia anakonza magalasi. "Akuti Kabi. Kabi Gitahi."

"Tsirizani."

"Latha, anzanga."

Gitahi anakanda m'mutu. "Amayi, ndi inu nomwe. Kabi, Nyokabi, n'chimodzimodzi. Tinayamba kulemba choncho pa gulu la banja la pa foni mwanayu ali m'mimba, aliyense anazolowera. Tsamba lake la pa intaneti lili ndi anthu zikwi ziwiri."

"Anthu zikwi ziwiriwo anakubereka ndani mwa iwo?"

"Amayi..."

"Boma nalo zala zinatopa? Dzinali ndinalandira kwa agogo anga lathunthu. Anayenda nalo pa njala, pa nkhondo, silinathothoke ngakhale pang'ono. Iwe walidula mutu ngati nsomba."

Mpongozi wawo anayesa kuseka. "Shosh, likumveka bwino masiku ano. Kusukulu sadzamuseka."

Agogo anatembenukira kwa Waithira, amene ankayang'ana pansi.

"Unkadziwa?"

"Ndinkaopa kuti mudwala."

"Ndiye madzulo onse aja unkasokerera mutu ndi pakamwa pako, ine n'kumakauza msika wonse. Awa adula, chabwino, ndi a m'tauni. Koma iwe timadya mbale imodzi."

Amayi aja anadikirabe nthungululu, ena atatsegula kale pakamwa. Agogo anayang'ana khandalo nthawi yaitali. Mphuno inali yawo, chipumi chawo. Analifunditsa bwino kumapazi, poti mphepo ya ku Nairobi imalowera kumeneko, n'kulipereka kwa mayi ake.

"Mwana ndi wabwino. Mumusamale, musamuonetse kwa anthu ambiri. Nthungululu aimbe mwini dzinalo. Ine sindikumudziwa."

Anatola chikwama chawo n'kukakhala m'matatu, pampando wa kumbuyo, kudikira anzawo.