Chinangwa cha a Sofiya

Evelina atatsika sitima ku Chipyela, chinthu choyamba chimene anachita ndi kuvula nsapato. Anazikulunga m'mpango, nasenza sutikesi, nalowa njira ya ku Mbungo osafunsa munthu. Mapazi anali atafewa ndi misewu ya m'tauni, koma miyala yathu anali asanaiiwale.

Iyeyu sanali wobadwira kuno. Anali Mndebele wa ku Buluwayo. Laban, mnyamata wa kwathu ku Mbungo yemwe ankagwira ntchito ya njanji kumeneko, anamukwatira n'kubwera naye pachilumba. Anakhala nafe zaka zambiri, anaphunzira chinyanja chathu, anazolowera kondowole mpaka kumadya osakwinya nkhope. Laban atamwalira, makolo a Evelina anamuitanitsa kwawo. Mwana wake Cyril anatsala ndi azakhali ake, a Dinah, chifukwa cha sukulu ya mishoni. Tsopano nkhondo imene inkamulepheretsa kubwera inali itatha, Cyril anali atakwatira, ndipo panyumba panali khanda lofuna kuona agogo ake.

Kumulandira kwake kunali kosasimbika. Nthungululu zinayambira pamlambe woyamba wa mudzi. A Dinah anathamanga nsalu ikukwekwereka, namukumbatira mlamu wawo, onse awiri akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Cyril anangoima chilili, mwamuna wandevu, misozi ili mbwembwembwe.

Vuto linayamba mawa lake. Ife a ku Mbungo tikati tilemekeze munthu, timamulemekeza mpaka kumutopetsa. Anakabwereka mpando wandalema kwa aphunzitsi n'kumukhazikapo. Anamuphera nkhuku. Madzi osamba ankawapeza ali kale kubafa. Akagwira tsache, mpongozi wake ankabwera chothamanga kudzalanda. Ngakhale mdzukulu ankamupatsa atamusambitsa ndi kumudzoza mafuta, ndipo tsiku lina khandalo litamunyowetsa diresi, nyumba yonse inapepesa ngati pagwa ngozi.

"Alamu, kodi ndinabwera kudzagonekedwa m'chipatala?" Evelina anafunsa.

"Khalani pansi inu," anayankha a Dinah. "Mwachokera kutali. Manja anuwo ndi a m'tauni chopano, ntchito zathu zingakupwetekeni."

Evelina anamwetulira, koma mtima unamuwawa. Anadutsa maiko pa sitima ya pamtunda ndi ya pamadzi kuti adzaone ngati pakhomo pa Laban akadali ndi malo. Malo anapezadi, koma anali mpando wobwereka. Ndipo sitima yobwerera inali pafupi, Lachitatu likubweralo.

Lolemba m'mawa a Dinah anapita ku Chipyela ku msonkhano wa amayi a mpingo. Pochoka anauza mpongozi uja kuti chinangwa chimene anaviika chafewa, adzavuula akabwerako. Evelina anamva. Anadikira kuti mtsikanayo alowe kukayamwitsa, anakwinda nsalu, natenga dengu, uyo kunyanja.

Kwathu kuno banja lililonse lili ndi malo ake oviikapo chinangwa m'mphepete mwa nyanja, otchingidwa ndi miyala kuti mafunde asachitenge. Malo a banja la Laban anali oyang'anizana ndi mlambe wobowoka. Evelina anawapeza mosavuta, chinangwa chili tho, chofewa bwino, fungo lake lija loti mlendo amathawa nalo. Iye analikoka ndi mphuno zonse ziwiri. Chimene sanadziwe n'chakuti zaka zimene anali kwawo nyanja inakwera n'kumiza malo akale, amayi n'kugawananso mwatsopano. A Dinah anasunthira kumpoto. Pamlambe wobowoka panali pa a Sofiya.

Anavuula chonse, osasiyako ndi kamodzi komwe. Anatsuka, anafinya, anasinja, nayanika pathanthwe la kuseri kwa nyumba ya a Dinah, uku akuimba nyimbo ya kwawo. Mpongozi anayesa kuletsa, koma ungalande musi kwa apongozi amene maso ayaka chonchija?

Dzuwa lili pamutu, a Sofiya anatulukira. Mayi amenewa akakwiya ankamveka mpaka kumudzi wa kutali wa Yofu, ndipo tsiku limenelo ndikhulupirira kuti ku Yofu anamva.

"Ndani wandivuulira chinangwa changa? Ndapeza maji okhaokha ndi miyala! Ana anga adya chiyani?"

Anthu anasonkhana. Evelina anatuluka kuseri, mikono yoyera mbee ndi chinangwa mpaka m'zigongono, nanena kuti wavuula ndi iye, pamalo a amuna ake. A Sofiya anatsegula pakamwa kuti amumalize, koma anakumbukira mpando wandalema uja, nameza mawu.

"Aa, ngati ali alendowa, palibe mlandu," anatero chapansipansi. "Munthu wobwera angadziwe bwanji malo athu? Pepani amayi, ndakusokosani."

Bola akanamutukwana. Evelina anaweramitsa mutu ndi manyazi ndi chisoni. Ngakhale kulakwa, analakwa ngati mlendo.

Nthawi yomweyo a Dinah anafika, atatopa ndi dzuwa, njala ikuwapotokola. Anayang'ana thanthwe loyera, anayang'ana a Sofiya, anayang'ana mlamu wawo. Ulemu wa masiku onse aja unathera pomwepo.

"Mlendo wa chiyani ameneyu? Iwe Evelina! Ndiye kuti sunasinthe? Suja unatentha ukonde wa mlongo wanga pouyanika pafupi ndi moto? Suja unathira mchere m'phala la mwana kawiri? Pakamwa uli napo, kufunsa kumakuvuta chiyani? Imvi zamera, phuma lomwe lija!"

Mpongozi anagwira pakamwa ndi mantha. Koma Evelina anadzutsa mutu, nkhope ikuwala.

"Pitirizani alamu," anatero. "Mwaiwala za mtsuko wa amayi uja ndinaswa pa Khirisimasi."

"Sindinaiwale! Ndikubwera komweko!"

Anthu anafa nazo nseko. A Sofiya nawo anapeza mphamvu, naika manja m'chiuno.

"Chabwino. Ngati ali wanu, mwambo mukuudziwa. Chimene wasinjacho mudye inu. Iye akakumbe china m'munda mwanu, asende yekha, aviike pamalo anga, ndipo achilondere mpaka chifewe. Avuule ndi manja akewo, adzandiyanikire pathanthwe langa."

Cyril, yemwe anali atangofika kuchokera kokonza ukonde, anayesa kulowererapo. "Koma a Sofiya, chinangwa sichifewa tsiku limodzi. Amayi sitima yawo ndi mkucha."

"Sitima ipite," anatero a Dinah. "Ina idzabwera. Munthu wa pakhomo pano sachoka atasiya ana a mnzake ndi njala."

Evelina anakhala pansi pamchenga, osati pampando, naseka mpaka misozi. Palibe amene anathamangira mphasa.

Masana omwewo mpando unabwerera kwa aphunzitsi. A Dinah anamuponyera khasu lakale la mpini wokhota, mpongozi namubereketsa khanda kumsana kuti iye apeze mpata wochapa. Ali m'njira yopita kumunda, Evelina anamva kutentha kukutsika pamsana, diresi la ku Buluwayo likunyowa.

"Alamu, mwanayu wandikodzera."

A Dinah sanatembenuke n'komwe. "Ndiye ukundiuza ine kuti nditani? Fulumira, dzuwa likupita."